Mapesi a Nkandankhuku

Bambo anga anadulira tiyi moyo wawo wonse. Anayambira ku esiteti ya ku Honde, kunja kwa dziko lawo, ali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Mulanje, kenako anasamukira ku esiteti ina ya kuno ku Chipinge, kumene ine ndi mchimwene wanga wamng'ono tinabadwira pa komboni. Kuthyola tiyi ankakuona ngati ntchito ya aliyense amene ali ndi zala. Kudulira ndiye kunali kwa amuna enieni, ndipo ankanena zimenezi ngakhale pamaso pa amayi, amene anathyola tiyi mpaka msana unakana. Nyengo yozizira ikafika ankanola mpeni wawo wokhota kunsonga, n'kutenga ndodo yoyezera yolekeza m'bondo, ndipo mzere umene adutsamo unkatsala wosalala pamwamba moti ukanatha kuyanikapo nsalu. Ku esiteti kusalala kumeneko amati tebulo. Kapitawo ankabwera ndi antchito atsopano kudzawaonetsa tebulo la bambo, ndipo nkhani imeneyi tinaimva kunyumba mpaka tinkaimaliza tokha iwo akangoiyamba.

Panali chomera chimodzi chimene mpeni umenewo sunkaloledwa kufikapo. Amayi atasiya kuthyola anagwirako ntchito yochapa kunyumba ya manijala, ndipo tsiku lina anabwerako ndi timizu titatu tokulunga m'pepala lonyowa. Anatibzala kuseri kwa nyumba. Panatuluka timitengo titalitali taminga, tobala tizipatso tofiira, tofewa, tongosungunuka pa lilime. Kwa manijala ankati rasiberi. Bambo atalawa anati palibe chachilendo apa, kwawo kuphiri zoterezi zimamera zokha m'mbali mwa njira, ndipo dzina lake ndi nkandankhuku. Dzinalo linakhazikika m'nyumba mwathu, ngakhale anzanga a Chindau ankafa ndi phwete ndikawamasulira. Osamalira anali amayi okha. Timitengoto ankatitcha mapesi, ngati a chimanga, ndipo palibe amene anawafunsapo chifukwa chake. Bambo akayandikira ndi mpeni ankawabweza, amvekere manja anuwo ndi a kampani, kuno ayi.

Bambo atapuma pantchito, nyumba ya pa komboni inafunika kwa ena, ndiye onse awiri anabwera kudzakhala ndi ine kuno ku Gaza, lokeshoni ya m'tauni ya Chipinge, kumene ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu. Pa lole yosamukira amayi anakhala atafungatira mizu yawo pamiyendo, mbale zoswekazo zikugubuduka kumbuyo. Malo anga ndi ochepa. Kuseri kuli kamunda kolekeza pampanda wa aneba, ndipo pamenepo amayi anadzitengera mzere umodzi osandipempha. Tinadya zipatsozo zaka zingapo. Kenako amayi anadwala miyezi yowerengeka n'kutisiya.

Zaka ziwiri zinadutsa popanda wokhudza mzere uja. Ine ndinkati ndilibe nthawi, koma zoona zake n'zakuti ndikangoyang'anako ndinkaona amayi atawerama, mpango uli kumutu, ndiye ndinkabwerera m'nyumba. Nkandankhuku sizinalire nafe maliro. Zinayenda pansi ndi mizu, n'kumatulukira paliponse pamene zafuna. Zinalanda bedi langa la repu, zinatseka kanjira ka kumpopi, zinakwera chingwe choyanikira mpaka kung'amba siketi ya mwana wa eni tsiku loti abwere kudzaitenga. Mkati munali ziyangoyango zokhazokha, zouma ndi zaziwisi zitalukana, makoswe atapezamo mudzi. Zipatso zinachepa, ndipo zochepazo zinkabisala mkatikati moti kuti ulawe kamodzi unkalipira ndi khungu.

Nthawi yomweyo bambo anayamba nkhani yobwerera kumudzi ku Mulanje. Poyamba ankangoitchula pomwa tiyi, kuti munthu asamafere m'dziko la eni, kuti akhalitsa. Kenako inakhala ya tsiku ndi tsiku. Kumudziko anachokako asanamere ndevu. Makalata anasiya kubwera ine ndisanayambe sukulu, ndipo amene ankawalembawo anapita kalekale. Ndinkawafunsa kuti mukafikira kwa yani, iwo n'kumangoti mudzi susowa munthu. Ine ndinkaona nkhalamba ikutsika basi ndi kachikwama, ana akuizungulira, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lake. Mchimwene wanga, amene amagwira ntchito ku Mutare, ankaona mwina. Pa foni ankangoti, "Sisi, musiyeni mudhara aende, ndizo zimene mtima wake ukufuna. Mapepala ndikonza ine." Iye ankawaona bambo kawiri pachaka. Ine ndinkawaona m'mawa uliwonse, ndipo sindinkafuna kuti apite. Ndinali nditaika kale kholo limodzi m'manda, sindinkafuna kukweza linalo basi.

Ndiye m'mawa wina mu Julaye, nkhungu ili mbuu, ndinamva phokoso limene ndinali nditaliiwala, la mpeni pamwala wonolera. Ndinatuluka n'kupeza bambo atavala jombo zawo zakale, ndodo yoyezera ili m'khwapa. Anati akufuna andikonzere kuseri asanapite, chifukwa munthu wantchito sasiya tchire pakhomo pamene ankagona. Mawu oti asanapitewo sindinawakonde, koma maso awo anali atayera ngati kale, ndiye ndinangoti chabwino. Mawu a amayi aja ndinawakumbukira, sindinama. Ndinawameza.

Anagwira masiku atatu. Ankaika ndodo pansi, n'kusesa mpeni kamodzi, n'kusuntha. Ankaimba muluzu. Anadula chilichonse, chouma ndi chachiwisi chomwe, pa msinkhu umodzi wa bondo, n'kumabwerera m'mbuyo kukatsinzina diso limodzi kuti aone ngati pali kamene katukula mutu. Pomaliza kuseri kwanga kunali tebulo loti kapitawo aliyense akanavula chipewa. Ndinawayamikira ndi mtima wonse, ndipo ndinaitana amayi odutsa kuti adzaone. Munthu mmodzi yekha sanayamikire. Aneba athu, bambo wachikulire wochokera ku Mozambiki amene anagwira ntchito ya m'munda ku nyumba za mabwana pa esiteti, anaima pampanda nthawi yaitali, n'kukanda m'mutu, n'kulowa m'nyumba mwawo. Ndinaganiza kuti ndi nsanje. Awiriwa ankagwirizana ndithu, ankagawana fodya ndi nyuzipepala, koma bambo kumbali ankawatcha wothirira maluwa a dona.

Kutayamba kutentha, tebulo lija linaphukira bwino, masamba ali biriwiri. Ndinadikira maluwa. Anabwera, koma owerengeka, ndiponso m'munsi mwenimweni, pa msinkhu wa mlomo wa nkhuku. Ndipo nkhuku za pa mzere wathu wonse zinauzana. Dzina lija la kuphiri linanama, palibe nkhuku imene inakandika, zonse zinkatuluka zikupukuta milomo. M'mawa wina mu Novembala, mwezi umene amayi ankadzaza beseni, ndinapita kuseri ndi beseni lomwelo. Ndinafufuza mzere wonse, minga ikundilasa, n'kupeza tizipatso tisanu, kamodzi kojomphedwa.

Ine ndinabadwa ndi pakamwa pothamanga, ndipo tsiku limenelo panathamanga kuposa masiku onse. Ndinawapeza bambo pakhonde akuothera dzuwa, ndinaika beseni patsogolo pawo mwamphamvu.

"Onani ntchito yanu. Amayi anakukanizani zaka zonse zija, ankadziwa. Chinthu chimodzi chokha chimene anatisiyira, inu mwachisandutsa esiteti. Ngati mwasowa chochita mungokhala pansi, musamationongere."

Anayang'ana m'beseni muja. Kenako anati, "Ndamva, mwanawe."

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anakulunga mpeni m'chiguduli n'kuuika pansi pa bedi. M'mawa mwake anandipempha mwaulemu kuti ndiwaimbire mchimwene wanga, chifukwa manambala pa foni sawaona. Ndinaimba ndi chala changa, n'kuima pomwepo kumamvera akuuza mwana wawo kuti tsopano akonze mapepala aja, asazengerezenso. Anagwirizana za Ogasiti, mwezi umene mchimwene wangayo amatenga tchuthi, kuti adzawaperekeze mpaka kumalire. Atamaliza anandibwezera foni ndi manja awiri.

Ndinadziwa kuti ndalakwa beseni lisanasiye kulira pasimenti. Koma anthu a pakamwa pothamanga tili ndi vuto lina, mawu oti pepani amatilemera ngati thumba la simenti. Ndinayesa njira zonse zozungulira. Ndinawonjezera shuga mu tiyi wawo. Ndinawasokera shati yatsopano ya kutchalitchi. Iwo ankalandira chilichonse n'kunena zikomo kwambiri, mayi, monga amachitira mlendo amene akusamala kuti asalemetse eni nyumba. Bola akanandikalipira. Anayamba kugawa zinthu zawo, jekete kwa mkulu wina wa kumpingo, wailesi kwa mlonda wa pasitolo, ndipo chilichonse chikatuluka pakhomo mtima wanga unkapita nacho.

Nditasowa mtengo wogwira ndinapita kwa aneba aja. Ndinawapeza akusankha mbewu ya nyemba. Ndinawauza zonse, ngakhale mawu anga oipa aja, n'kuwapempha kuti abwere adzakonze mzerewo mmene umayenera kukhalira, kapena angozula zonse titenthe, nkhani ithe. Anandimvetsera osasiya kusankha nyemba zawo.

"Pasiyensiya, leza mtima mwanangu," anatero. "Kukonza ndingakonze, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma ndikakonza ine, mdala uja mawa adzuka kuti adzatani?"

Anati alankhula okha ndi bambo. Ndinawachonderera kuti alankhule mofatsa, chifukwa munthuyo ndamupweteka kale. Anavomera ndi mutu, ndipo tsiku lotsatira anachita zosiyana kwenikweni. Anaima pampanda n'kuitana bambo ndi mawu oti mzere wonse umve. Ine ndinali pamakina pafupi ndi windo, ndinaimitsa phazi. Anawauza kuti tebulo lawo linali lokongola, koma uyu si tiyi. Tiyi ndi mtengo, ukaudula mutu umakwiya n'kutulutsa masamba ambiri, ndipo masambawo ndi amene kampani imafuna. Koma ichi, muzu wokha ndiwo umakhalitsa. Kamtengo kalikonse kamaona mvula ziwiri basi, chaka choyamba kamakula, chachiwiri kamabala, kakatero kamafa. Wodziwa amachotsa takufato pansi penipeni n'kusiya tatsopano tili tatitali. Inu achimwene, anatero, munadula mitu ya amene amati abale, n'kusiya mitembo itaima.

Ndinamva mpando wa bambo ukukhwekhwereza. Anafunsa ngati zaka zonse zimene agwira mpeni zathera poti lero aphunzitsidwe ndi munthu wothirira maluwa a dona. Dzina la kumbali lija linatulukira poyera, ndipo ine ndinagwira pakamwa. Aneba sanakwiye.

"Musakhulupirire ine, achimwene. Maso muli nawo, dzionereni nokha. Kapena paja mudzakhala mutapita?"

Bambo anatembenuka. Analowa m'nyumba akupuma mwamphamvu, ndipo ine ndinati basi, munthu uyu wandimalizira. Masiku awiri sindinawapatse moni aneba.

Tsiku lachitatu ndinapeza thumba langa la zidutswa za nsalu litapendekeka, zofiira ndi zabuluu zitachepa. Nditasuzumira kuseri ndinaona bambo ali pakati pa minga. Kamtengo kalikonse kamene kanabalako, ngakhale kachipatso kamodzi kodyedwa ndi nkhuku, ankakamanga kansalu kofiira. Mphukira zatsopano zimene zinkatuluka m'nthaka ankazimanga kabuluu. Nditawafunsa, anayankha osandiyang'ana kuti asanapite akufuna amuonetse munthu uja kuti ndi wabodza. Anamanga mpaka mzere wonse unaoneka ngati pakhomo pa sing'anga. Anthu odutsa ankafulumiza mapazi. Mayi wina wa kumpingo anabwera dala kudzandifunsa monong'ona ngati tatsirika munda, ndipo nditamuuza kuti ndi mkangano wa nkhalamba ziwiri anaoneka wokhumudwa.

Mvula inagwa, ndipo bambo anakhala ndi pokadzukira. M'mawa uliwonse ankavala jombo ndi chijasi cha mvula cha ku esiteti, n'kuyendera nsalu zawo chimodzichimodzi. Poyenderapo maso awo a ntchito anayamba kuona zina. Sakanatha kupirira chomera chimene chamera kunja kwa mzere. Anakhoma zikhomo, anakoka chingwe mbali zonse ziwiri, ndipo mphukira iliyonse imene yadumpha chingwecho ankaikumba ndi kakhasu mpaka atapeza muzu umene yayendera, n'kuudula. Imeneyi ndi nkhondo yosatha, chifukwa ukazula lero, sabata yamawa yatulukira pena. Iwo zimenezo zinkawasangalatsa. Kanjira ka kumpopi kanabwerera. Bedi langa la repu linabwerera. Anakumba ngalande yaing'ono m'mbali mwa mpanda n'kuimikamo zidutswa za malata akale kuti mizu isamawolokere kwa eni, ndipo aneba anati ili ndiye ganizo loyamba lanzeru kuchokera kwa munthu wa tiyi. Ankakangana pampandapo tsiku lililonse, wina m'Chinyanja chake chosakaniza Chipwitikizi, wina m'Chinyanja cha ku Mulanje chimene zaka zonse za kuno zinalephera kuchisungunula. Bambo anayambanso kumaliza chakudya m'mbale.

Koma nkhani ya Ogasiti sinafe. Kwa ine ankalankhulabe mwaulemu wa mlendo uja. Ine pamakina ndinkapemphera pemphero limene sindikanalitchula kutchalitchi, loti aneba akhale olondola, koma timitengoto tife pang'onopang'ono.

Tinafa ndithu. Mvula itatha, ta nsalu zofiira tinayamba kuyoyola masamba, khungu lake n'kutuwa, n'kumasupuka. Ta nsalu zabuluu tinali titawapitirira bambo msinkhu, tosalala, tonenepa ngati chala. Tsiku lina mu Juni ndinawaona akupinda kofiira kamodzi, ndipo kanangoti thyo. Anapinda kena, chimodzimodzi. Anayenda mzere wonse kufunafuna kofiira kamoyo, koti akagonjetsere mlandu, koma sanakapeze. Anaima nthawi yaitali kamtengo kouma kali m'manja. Atabwera pakhonde ndinawapatsa tiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni za beseni zija analankhula nane ngati mwana wawo.

"Mapesi," anatero. "Mayi ako ankati mapesi. Phesi likabala chimanga ntchito yake yatha, suliyembekezanso. Ankatiuza tsiku ndi tsiku, ife osamva."

Ndinawauza kuti inenso mawuwo ndinawamva kuyambira ndili wakhanda, ndipo ndinkangoti ndi kalankhulidwe ka amayi. Ndinaganiza zopepesa pomwepo. Mawu anafika pakhosi, kenako kasitomala anagogoda pageti, ndipo ndinathamangira kumeneko mosangalala ngati munthu wopulumutsidwa.

Kwa aneba sanapite kukavomera kuti agonja, si bambo anga amenewo. Anapita kukabwereka waya. Pobwerekapo anawauza kuti akhoza theka lokha, chifukwa zoti zofiira zafa taziona, koma zoti zabuluu zidzabala palibe amene waziona. Aneba anaseka mpaka kutsokomola, n'kutulutsa waya ndi mitengo iwiri ya bulugamu imene sanapemphedwe. Anaimika limodzi mitengoyo kumapeto a mzere, n'kukoka mawaya awiri, wina wa m'chiuno, wina wa m'phewa. Neba ameneyu ndimamuthokoza mpaka lero. Ndinapita kwa iye kukapempha kuti andichotsere vuto, iye anaona kuti vutolo ndi limene likanawagwira bambo, ndipo analola kunyozedwa pamaso pa anthu kuti zitheke. Nditayesa kumuuza zimenezi anangoti iye amakonda mikangano basi, ndisamunamizire zabwino.

Kumayambiriro kwa Julaye mchimwene wanga anaimba kuti mapepala atheka, abwera sabata yachitatu ya Ogasiti. Bambo anamvetsera, n'kunena kuti chabwino. Ine ndinasoka kolala ya shati chagada tsiku limenelo, n'kuphwasula, n'kusokanso chagada.

Sabata yomweyo mpeni unatuluka pansi pa bedi. Bambo anayamba ndi zimene munthu angachite ataima. Anakoka mapesi abuluu amene anali olimba, asanu kapena asanu ndi limodzi pa phata lililonse, n'kuwamangirira ku waya motalikirana kuti mphepo ndi dzuwa zizidutsa. Nsonga zokha zimene zinapitirira kwambiri waya wa pamwamba ndizo anadulako pang'ono, aneba ali pampanda kuyang'anira kuti dzanja lisazolowere. Zitatero panatsala ntchito yeniyeni, yochotsa ouma aja ndi ofooka onse, pansi penipeni. Ndinali pamakina pamene ndinamva waya akulira. Nditasuzumira ndinaona bambo atagwira mtengo wa bulugamu ndi manja awiri, akudzikoka kuti aimirire. Kuwerama mpaka m'bondo thupi lawo linkakudziwa, koma kufika pansi mawondo anakana. Anayesanso kachiwiri, ndipo anakananso. Ndinabwerera pamakina msanga kuti asadziwe kuti ndaona.

Patapita kanthawi anandiitana. Anati ndivale malaya a manja aatali ndipo ndibwere ndi chiguduli chogwadira. Nditafika anandipatsa mpeni, chogwirira chili kwa ine. Chibadwire ndinali ndisanaugwirepo. Unali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo chogwirira chake chinali chitadyeka motsata zala zawo, moti zanga zinkasowa pokhala. Ndinayala chiguduli, n'kugwada.

Iwo ankaloza, ine n'kumadula. Ilo. Ilo. Limenelo lisiye, suona kuti ndi lamoyo? Anandionetsa kukowetsa nsonga ya mpeni kuseri kwa phesi n'kukokera kwa ine kamodzi, osacheka ngati nyama. Anati ndisasiye chitsa, chifukwa chitsa chimaola n'kulowetsa matenda ku muzu, ndipo chaka chinacho chimakulasa ukamapalira. Ouma ankathyoka mosavuta. Ofooka aziwisi ankandimvetsa chisoni, ndipo ndikazengereza ankati dula, akudya chakudya cha anzawo. Ndinkawasolola m'ziyangoyango muja n'kuwaponya kumbuyo, minga ikundipeza ngakhale m'malaya. Pang'ono ndi pang'ono pansi panayamba kuoneka. Ndinapezamo supuni yathu imene inasowa kalekale.

Tili pakati pa mzere ndinazindikira mmene ndakhalira. Ndinali nditagwada pamapazi a bambo anga, mutu uli pansi, monga amayi anandiphunzitsira kuti mwana wamkazi amatero akakhala ndi mawu kwa kholo lake. Miyezi isanu ndi itatu ndinalephera kugwada choncho m'nyumba, ndipo tsopano minga inali itandigwaditsa. Chovuta chinali chitachitika kale, kunangotsala kutsegula pakamwa. Ndinaika mpeni pansi.

"Bambo, mawu aja ndinalankhula tsiku la beseni, ndinalakwa. Pepani. Musapite chifukwa cha pakamwa panga."

Sindinadzutse mutu. Ndinkangoona jombo zawo, ina yong'ambika pachala. Kwa aneba kunamveka chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono.

"Unanena zoona," anatero. "Koma unanena moipa."

Ndinavomera. Kenako anati tola mpeni, dzuwa likupita. Za ulendo sananene kanthu, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa. Tinapitiriza mpaka kumapeto, kutangotsala phata limodzi. Pamenepo anati ndidikire, n'kubwerera koyambira kukayendera ntchito yanga. Ankayenda pang'onopang'ono, akupalasa zinyalala ndi phazi. Ndinkawamva akudandaula. Atabwerera anandiuza kuti apeza zitsa zinayi, china chotalika ngati chala.

"Chaka chino ndakulekerera, poti n'koyamba. Chaka chamawa ndidzaima pompano, ndipo ndikadzapeza chitsa ngakhale chimodzi udzabwereza mzere wonse."

Ndinayang'anitsitsa dothi. Ndinafunsa kuti nanga mchimwene wanga ndimuuze chiyani. Anati ndimuuze abwerebe, tchuthi ndi chake, ndipo pali mulu uwu wa minga wofunika munthu wamphamvu woututa.

Ndinalira pomwepo, chogwada, mikono ili magazi okhaokha, ndipo sindinachite manyazi. Ndinali wothokoza kuposa mmene pakamwa panga pothamanga pakanathera kunena. Bambo anayang'ana kumbali, kuphiri, mpaka nditamaliza. Kenako analoza phata lotsala lija.

Phesi lotsiriza ndinalisiyira chitsa dala. Anachiona, n'kuchigogoda kawiri ndi nsonga ya jombo.